Lipoti la msonkhano wa opuma pa ntchito ku Lilongwe

A Tcheyamani, a komiti, ndi inu nonse amayi ndi abambo a gulu lathu la aphunzitsi opuma pa ntchito kuno ku Dedza, ndabwerako bwino kumene munandituma. Ndiyambe ndi za ndalama, poti ndamva kale kuti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kwa a Msungichuma, ndi chenji chomwe. Pa resitihausi ndinagonapo usiku umodzi wokha. Usiku wachiwiri ndinakagona kwa mwana wa achemwali anga ku Kawale kuti thumba la gulu lisaphwe. Buku lili poyera, wofuna kuona akaone.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera m'malonje ndi kudikira mlendo wolemekezeka. Kenako kunabwera a zapenshoni. Anafotokoza lamulo lija linayamba mu 2011, loti bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti ya malipiro. Zimenezi n'zothandiza ana athu amene akadali pa ntchito, ndipo tiwauze azifunsa ngati ndalama zomwe akudulidwazo zikufikadi kumene zikuyenera kupita. Kwa ife amene tinapuma kale, nkhani inali imodzi: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kandalama ka pamwezi kamatha lisanafike tsiku la 15. Tinadandaula, iwo analemba. A zaumoyo ananena za BP, shuga, kuchepetsa mchere ndi kuyenda wapansi, zomwe timamva kale kuchipatala.

Chimene chandigwira mtima, moti mpaka lero sichikundichoka, chinachitika madzulo titagawidwa m'magulu. Bambo wina wa ku Rumphi, amene anakhala hedimasitala zaka zambiri, anatiuza mmene amayambira tsiku lake. Amadzukabe 5 koloko. Amasita malaya, kupolisha nsapato, kumanga tayi, n'kukhala pakhonde. Belu la pasukulu yapafupi likalira, amayang'ana wotchi kuona ngati aliza pa nthawi yake. Kenako ana amatha mumsewu, kuli zii, iye n'kulowa m'nyumba kukavula tayi uja. Anati foni yake inasiya kulira mwezi womwe anapereka makiyi a ofesi, ndipo chimamupweteka kuposa kuchepa kwa penshoni n'chakuti palibenso amene amamudikira kulikonse. Polankhula ankazunguza chipewa m'manja, osatiyang'ana. M'gulu lathu lija munalibe wotsokomola. Ine ndinakumbukira bokosi la choko lomwe ndimasungabe pamwamba pa kabati, chaka chachisanu tsopano.

Pamenepo mayi amene ankatsogolera zokambiranazo anatifotokozera za ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anataya wodwala wake amene anadzipha atasowa ndalama ya basi yopitira ku Harare kukaonana naye. Madokotala a mtundu wake anali owerengeka m'dziko lonse. Ndiye mu 2006 anayamba ndi agogo aakazi 14 ku Mbare, mu mzinda wa Harare, komwe kuli abale athu ambiri amene makolo awo anachokera kuno. Anawaphunzitsa kumvetsera munthu ndi kumuthandiza kusanthula vuto lake limodzilimodzi. Agogowo amakhala pa benchi yamatabwa panja pa kiliniki, ndipo ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench. Munthu amene wapanikizika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri, amakakhala nawo kangapo. Agogo samupatsa ndalama kapena mankhwala, samulalikiranso. Amamufunsa kuti pa mavuto onse watchulawo akufuna ayambe ndi liti, ndipo mlungu uno achitapo chiyani. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu okhala pa benchi paja ankapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse.

Ine chimene ndinatolapo ndi cha agogowo. Munthu amene ankangotchedwa nkhalamba akudzuka m'mawa akudziwa kuti wina akumudikira pa benchi. Amavala chitenje chabwino chifukwa ali ndi kopita.

Tsopano mundilole ndinene za kuno kwathu, ngakhale ena zikuwawani. Gulu lathuli lasanduka la zinthu ziwiri, banki m'khonde ndi maliro. Tikakumana, ola lonse limathera pa amene sanabweze ngongole, kenako pemphero, n'kubalalika. Mnzathu amene tinamuika m'manda chaka chatha uja tinamugulira nkhata yokongola, tinasonkha ufa ndi nkhuni, a Mlembi anawerenga mbiri yake bwino kwambiri. Koma miyezi yonse imene ankakhala yekha m'nyumba mayi atamwalira, ndani wa ife anapitako? Ine ndimakhala pafupi kuposa nonsenu ndipo ndinapitako kamodzi. Sanafe ndi njala munthu uja. Nditamva bambo wa ku Rumphi akulankhula, nkhope imene ndinkaona inali yake. Ndiponso poti ndayamba kale, ndalama zija tinasonkha zaka zitatu zapitazo zoti tiyambire chigayo, lipoti lake sitinalimvebe. Ndafunsa kawiri pamsonkhano, ndikuyankhidwa kuti nthawi yatha. Ngati ine ndapereka malisiti a minibasi, a komiti ya chigayo aperekenso awo.

Tsiku lachiwiri tinamva za lamulo loteteza anthu achikulire lomwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024, ndipo anatikumbutsa kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu kuyambira mu lamulo la 1911. Anatchula za ku Neno mu 2016, komwe okalamba anayi anaphedwa mtsikana atawombedwa ndi mphenzi. Ndikudziwa kuti mantha amenewa alipo pakati pathu. Mayi wina wa gulu lathu anandiuzapo kuti safuna ana a eni pakhomo pake, kuopa kuti mmodzi akadwala adzamuloza chala. Sindikumutsutsa. Koma kudzitsekera m'nyumba sikunatetezepo munthu. Amene amalozedwa chala kawirikawiri ndi uja wokhala yekha, amene anthu anaiwala ntchito yake.

Mfundo zimene msonkhano unamanga ndi zitatu. Yoyamba, kupempha kuti ogwira ntchito aziphunzitsidwa za moyo wopuma kudakali zaka zingapo, osati kungolandira kalata. Iyi ndinaikweza dzanja ndi mtima wonse. Yachiwiri, magulu onse azilumikizana kudzera mwa nthumwi za m'zigawo. Palibe vuto. Yachitatu, gulu lililonse lizipereka ndalama ya pachaka ndi kugula nsalu yofanana yovala pa 1 Okutobala, tsiku la anthu achikulire. Iyi ndinakana, ndipo ndinanena kuti gulu langa sindinalifunse. Inadutsabe. Maganizo anga ndi akuti nsalu tili nazo zokwanira, za mpingo, za maukwati, zodzaza sutikesi. Ndalama imeneyo ikhoza kugula matabwa.

Pempho langa ndi ili. Ife si a zachipatala, ndipo za uphungu wa maganizo sitingaziyambe popanda kuphunzitsidwa. Koma kuphunzitsa mwana kuwerenga palibe angatiuze. Ambiri a ife tinalipo mu 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana n'kuchuluka kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ife tikuphunzitsa oposa 100 pansi pa mtengo. Lero m'makalasi a Sitandade 1 ndi 2 mukadali modzaza, ndipo mwana wotsalira pa a, e, i, o, u mphunzitsi sangamuone. Tiike benchi imodzi pasukulu yapafupi ndi aliyense wa ife, masana, poyera, mahedi, komiti ya sukulu ndi amfumu akudziwa. Aliyense atenge ana asanu okha, kawiri pa mlungu, ola limodzi akaweruka. Ena anena kuti tinagwira kale ntchito zaka 35, tigwirenso yaulere? Ndikumva. Amene watopa apume, palibe womukakamiza. Koma tisatseke njira ya amene akusitabe malaya m'mawa uliwonse.

Ndalankhula kale ndi ahedi a sukulu ya kwathu ndipo avomera kuti tikumane ndi komiti Lachiwiri likudzali. Mmisiri wa pamsika wati matabwa atatu ndi misomali zikwana benchi imodzi. A Mlembi, chonde ikani nkhani ya benchi ndi ya chigayo poyambirira pa ndondomeko ya msonkhano wa mwezi uno, tisanatsegule buku la ngongole. Amene akufuna kupita nane Lachiwiri andipeze pa geti la sukulu 2 koloko masana.

Ndine nthumwi yanu.