Mwana akagonja kwa akatswiri a tenisi tisathamangire kumunyoza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za momwe tsamba lanu la zamasewera limalembera nkhani za achinyamata athu a tenisi akapita kunja n'kukagonja. Kawirikawiri nkhaniyo imakhala ya mizere itatu: dzina, zotsatira, ndi mawu akuti wabwerako chimanjamanja. Ife owerenga a ku Highfield, Mbare ndi Mufakose muno mu Harare ambiri tinakulira mpira wamiyendo, ndiye tikaona 6-1, 6-2 timangoti mwanayu alibe luso, akungotha ndalama za makolo. Zimandipweteka, chifukwa kugonja kwa munthu wokuposa ndiko kumamanga wosewera wa tenisi, ndipo vuto la ana athu ndi loti mwayi wogonja choncho sakuupeza mokwanira.

Zotsatira zomwezi za 6-1, 6-2 ndi zimene Carlos Alcaraz adapatsidwa ndi Rafael Nadal ku Madrid mu May 2021, pa tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 18. Chaka chotsatira, mumpikisano womwewo, adagonjetsa Nadal, mawa lake Novak Djokovic, kenako Alexander Zverev mu fainolo. Akadakhala mwana wa kuno, sindikudziwa ngati tikadamupatsa miyezi 12 imeneyo.

Munthu amene sanagwirepo raketi sangaone msanga chomwe chimachitika mnyamata akakumana koyamba ndi wosewera wa pamwamba. Chimamusowa ndi nthawi. Sevu ya akuluakuluwa imadutsa makilomita 200 pa ola, ndipo imafika sekondi isanathe. Mpira umene kwawo unkamupatsa pointi, kumeneko umabwezedwa, n'kugwera pafupi ndi mapazi ake. Sevu yachiwiri ikangofooka pang'ono, mnzakeyo amalowa m'bwalo n'kuimenya. Mpira ukagwera pafupi ndi neti, nkhani yatha. Zofooka zomwe zinkabisika posewera ndi anzake a msinkhu umodzi zimaonekera poyera seti yoyamba isanathe, ndipo palibe kochi angamusonyeze zimenezi pa bwalo lophunzirira ngati mmene amamusonyezera munthu wofuna kumugonjetsa.

Kawerengedwe ka tenisi nakonso kamanamiza. Gemu, kachigawo kakang'ono ka seti, ikhoza kufika 40-40 (onse awiri ali ndi mapointi ofanana) kangapo, koma woitenga amalemberedwa imodzi, winayo ziro. Roger Federer, polankhula kwa ophunzira a pa koleji ya Dartmouth ku America mu 2024, adanena kuti adapambana pafupifupi masewera 80 pa 100 aliwonse m'moyo wake, koma mapointi omwe adatenga anali 54 okha pa 100 aliwonse. Kusiyana kwa katswiri ndi mwana amene akukwera kuli m'mapointi ochepa ofunikawo, ndipo kuwatenga kumaphunziridwa powataya kaye.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Jannik Sinner ndi Daniil Medvedev. Sinner adagonja masewera 6 oyamba onse, kuyambira ku Marseille mu 2020 mpaka fainolo ya ku Miami mu 2023. Medvedev amaima kutali kwambiri kumbuyo kwa mzere, n'kumabweza chilichonse mpaka mnzake atope kapena aphonye. Sinner ankamenya mwamphamvu kuchokera kumbuyo komweko, ndiye ankangomudyetsa Medvedev chimene amakonda. Pamodzi ndi makochi ake, Simone Vagnozzi ndi Darren Cahill, adakonza sevu yake, adayamba kuthamangira ku neti akangosevula, ndi kuponya timipira tofewa togwera pafupi kuti amukoke mnzakeyo kumalo kumene sakufuna. Ku Beijing mu October 2023 adamugonjetsa koyamba, kenako ku Vienna, kenako ku Turin. Mu January 2024, mu fainolo ya Australian Open, adataya maseti awiri oyamba kwa Medvedev yemweyo, koma adatenga atatu otsalawo. Njira zatsopanozo sakadazifuna akadapanda kugonja kasanu n'kamodzi kwa munthu mmodzi. Coco Gauff nayenso adagonja ka 7 kwa Iga Swiatek asanamugonjetse ku Cincinnati mu 2023, ndipo patangopita masabata ochepa adatenga US Open.

Palinso za thupi ndi mtima. Ku mipikisano inayi ikuluikulu amuna amasewera mpaka maseti asanu, nthawi zina maola anayi ndi kupitirira. Ku French Open ya 2023, Alcaraz adakokana minofu thupi lonse mu semifainolo yake ndi Djokovic, n'kutaya maseti awiri omaliza 6-1, 6-1. Iye mwini adavomera kuti chidamuchititsa ndi nkhawa yosewera ndi munthu wotero pa bwalo lotero. Mwezi wotsatira Alcaraz adagonjetsa Djokovic mu fainolo ya Wimbledon pa maseti asanu. Nkhawa imeneyi imatha ndi kuzolowera basi.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Ife amene tinalipo timakumbukira February wa 2000, pamene United States idabwera ku City Sports Centre kudzasewera Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, John McEnroe ali kaputeni, Andre Agassi ali nambala wani padziko lonse. Zimbabwe idatsogola 2-1 Wayne Black ndi Kevin Ullyett atapambana masewera a awiriawiri, ndipo tidagonja 3-2 pa tsiku lomaliza. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1998, tidagonjetsa Australia kwawo ku Mildura, pa bwalo la udzu, Byron Black n'kumugwetsa Patrick Rafter amene anali ndi chikho cha US Open. Izi sizidagwe kumwamba. Byron, Wayne ndi mlongo wawo Cara adakulira pa mabwalo a udzu omwe bambo awo, a Don Black, adakonza pakhomo pawo muno mu Harare, koma anyamata awiriwo adachoka n'kupita ku University of Southern California kukafuna owaposa. Byron adafika pa nambala 22 padziko lonse mu 1996, ali ndi zaka 26. Kuwerenga zaka zimenezo kukutiuza kuti njira yake idali yaitali, yodzaza ndi kugonja komwe lero palibe akukukumbukira.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Takanyi Garanganga, wobadwira ku Mbare, adachoka ali wamng'ono asanadzatenge mendulo ya golide ku All-Africa Games ku Maputo mu 2011. Benjamin Lock adadzera ku Florida State University. Koma si kholo lililonse lingakwanitse, makamaka m'malokishi mwathumu momwe raketi imodzi amabwerekana ana atatu. Mipikisano yapansi ya ITF, bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, ili ndi mphoto ya madola 15,000 kapena kuposerapo pang'ono, yogawana onse osewera, choncho wogonja ndime yoyamba ndalama yake siikwanira ngakhale tikiti ya ndege ndi malo ogona. Mwana wa ku Spain kapena ku Italy amakwera sitima n'kukapeza mpikisano sabata iliyonse. Wathu amapita kamodzi patapita miyezi, akagonja tsiku loyamba ulendo wonse watha, ndipo akafika kunyumba amapeza nyuzi ikumunyoza. Komanso Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kumene mpira umathamanga ndi kudumpha kwambiri. Akatsikira kufupi ndi nyanja umalemera, ndipo amafunika masewera angapo kuti dzanja lizolowere, masewera amene alibe.

N'chifukwa chake ndikupempha a Tennis Zimbabwe ndi makampani okonda masewera kuti ndalama zochepa zomwe zilipo azilowetse pobweretsa mipikisano ya ITF muno, masabata angapo motsatizana. Alendo aluso akabwera ku Harare Sports Club, ana ambiri adzakumana nawo pa mtengo wa kombi, ndipo amene sanafike posewera adzaonera chapafupi momwe sevu yeniyeni imamvekera.

Kwa inu a Mkonzi pempho langa ndi losavuta. Mtolankhani wanu akamalemba za mwana wogonja, azitiuza kuti mnzakeyo ali pa nambala yanji padziko lonse, masewerawo adatenga nthawi yaitali bwanji, ndi magemu angati omwe adafika 40-40. Amuimbirenso foni mwanayo kapena kochi wake, awafunse chimene chidavuta ndi chimene akukonza asanapite ku mpikisano wotsatira.

Ine wanu,
Wokonda tenisi,
Highfield, Harare