Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Thondweko. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Ndamva kuti chithunzi ndinatumiza pa WhatsApp chija chawasowetsa tulo mayi, akuti mwana wawo walowerera ku Joni. Auzeni mtima ukhale m'malo. Chamba chija ndi cha abwana, ine ndimangochisamalira pamodzi ndi maluwa ena apakhomopo. Kuno mu 2018 khoti lalikulu linagamula kuti munthu wamkulu atha kudzala chake pakhomo pake, ndipo mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lake. Kugulitsa ndiye kukadali mlandu.

Munafunsa kuti bwanji chikuoneka chachifupi ndi chotambalala chonchija. Sichimera choncho chokha ayi. Mukachisiya, chimathamangira kumwamba ndi thunthu limodzi, nsonga n'kumadya mphamvu yonse, nthambi zam'munsi n'kutsalira mumthunzi zili zonyozoloka. Ndiye chikadali chanthete timadula nsonga ija, monga tinkachitira ndi fodya wa bambo, ndipo pamalopo pamaphuka nthambi ziwiri. Nthambizo timaziweramitsa pang'onopang'ono n'kuzimangirira ndi kachingwe kofewa m'mphepete mwa mphika, uku ndi uku. M'mawa mwake mumapeza nsonga zake zadzuka kale kuyang'ana dzuwa, pomwe nthambi yagona. Iliyonse yofuna kupitirira zinzake timaikokera pansi mpaka zonse zifanane msinkhu. Zikatero dzuwa limafika paliponse, maluwa amakula mofanana, ndipo mphepo imadutsa pakati osalola nkhungu. Koma pamafunika dzanja lofatsa. Waya wowonda amacheka khungwa, ndipo nthambi ikakhwima sipindikanso, imangoti thyo! Abwana amachita kuyeza ndi tepi, ine ndimangoona ndi maso, koma zanga ndi zomwe zimalingana bwino.

Tsono za mbewu munandipempha zija, pepani achimwene, sinditumiza. Musanamizidwe ndi anyamata a pamsika oti boma linaloleza. Lamulo lomwe aphungu athu anavomereza mu 2020 ndi la chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo wolima ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kudzala kuseri kwa khola popanda chiphaso ndi kudziitanira apolisi, ndipo ndende ya Zomba simukwerera basi ziwiri kuti mukafike. Ana aja awalera ndani?

Luso lomweli liyeseni pa mapichesi ang'onoang'ono ali kumunsi kwa nyumba aja. M'nyengo yozizira, masamba akayoyoka, mudule thunthu lapakati musiye nthambi zitatu kapena zinayi zoyang'ana mbali zosiyana, ndipo muzikokere kunja ndi luzi womangirira pazikhomo. Pakati pakhale potseguka. Mudzathyola zipatso mutaima pansi, osatinso kugwetsa ndi nsungwi mpaka kuphwanyika. Tsabola wa kudimba nayenso mukamutsina nsonga akadali wamng'ono amachita nthambi zambiri.

Ndalama ya feteleza ndituma pa Mukuru mwezi ukatha, mupatuleko ya mafuta opaka miyendo ya mayi. Mundiuzenso ngati denga la khitchini linakonzedwa mvula isanayambe. Moni kwa amalume ndi onse kumudziko.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Cape Town