Msonkho wa 8 peresenti ukugwera ogula nyumba ku Chipata

A Mkonzi,

Zimene zachitikira mphunzitsi wina kuno ku Chipata sabata yathayi zandikwiyitsa kwambiri. Mayiyu anapeza nyumba ya zipinda zitatu ku Kapata, anagwirizana ndi mwiniwake pa K350,000, natenga ngongole kubanki n'kulipira theka. Tsiku loti asaine mapepala, ejenti akumuuza kuti aonjezere K28,000 ya msonkho wosinthira umwini, ati chifukwa mwini nyumba akufuna K350,000 yake ilowe m'thumba yathunthu. Mphunzitsi amene watapa kale ngongole mpaka pakhosi, K28,000 aitola kuti? Lero nyumba sanalowe, ndalama yake ili m'manja mwa wina, ndipo banki yayamba kale kudula malipiro ake.

Lamulo la Zambia la msonkho wosinthira umwiniwu, la Property Transfer Tax, Cap 340, silibisa mawu: wolipira msonkhowu ndi wogulitsa, osati wogula. Ma ejenti amalidziwa bwino lamuloli. Amangodyera masuku pamutu anthu amene akugula koyamba, amene sadziwa kuti chimene sichinalembedwe mu kontrakiti palibe wowakakamiza kulipira. Ndi umbava, ndipo ndikuutchula dzina lake.

Komabe ejentiyu wapeza poponda chifukwa msonkho wakula. Kuyambira 2016 unali 5 peresenti, atautsitsa kuchoka pa 10. Pa 1 January 2025 unakwera kufika 8. Pa nyumba ya ku Kapata ija, kale wogulitsa akanapereka K17,500, tsopano ndi K28,000, kusiyana kwa K10,500. Wogulitsa aliyense amene wamva zimenezi amakankhira ndalamayo pamtengo kapena amaiponya pamsana pa wogula nthawi yothaitha, akudziwa kuti munthu amene walipira kale theka sangathawe.

Chondiwawa kwenikweni n'chakuti msonkhowu ulibe poyambira. Umaluma kuchokera pa kwacha yoyamba. Poloti ya K60,000 ilipira K4,800, pamlingo womwewo umene alipira mwini nyumba ya mamiliyoni ku Kabulonga mu Lusaka. Pa malipiro a pamwezi boma linavomereza kuti K5,100 yoyamba isadulidwe msonkho wa pamalipiro wa PAYE, podziwa kuti wolandira zochepa ayenera kupuma. Nanga bwanji nzeru yomweyo ikusowa pamene munthu yemweyo afuna denga lakelake? A Nduna a Zachuma, a Situmbeko Musokotwane, atiyankhe. Aphungu athu a kuno kum'mawa nawonso atiuze ngati anaiwerengera nyumba ya mphunzitsi pamene ankavomereza kusinthaku.

Owerenga ena akuganiza kuti angazembe polemba mtengo wochepa pa kontrakiti. Musayese. ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho, siwerengera pa nambala imene mwalemba yokha, imayang'ana mtengo umene nyumbayo ingagulidwe pamsika, ndipo ikaona kuti mwachepetsa imaika wake. Choipa china, malonda akasokonekera, khoti lidzaona K200,000 ya papepala pamene inu munapereka K350,000. Ena amene lamulo limawamvera chisoni ndi a m'nyumba imodzi: ukapatsa mkazi, mwamuna kapena mwana wako, msonkho uwerengedwa pa ndalama imene walandiradi, ngati ilipo. Mphwako kapena mlongo wako sali m'gulumo, chinthu chimene ife Achewa, amene chuma chimadzera kwa malume, chimatidabwitsa.

Ndiye taonani zimene zikuchitika m'makomboni. Anthu akugulana nyumba ndi kalata ya pamanja ndi mboni ziwiri, taitolo n'kukhalabe m'dzina la mwini wakale. Akuthawa ulendo wonse uja: kulipira ngongole ya lendi ya nthaka ndi ma leti a kukhonsolo, kupempha chilolezo cha boma kwa Commissioner of Lands (mkulu woyang'anira za malo), kupereka TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ndi NRC (chitupa cha unzika) za onse awiri, kulipira msonkho, kutenga satifiketi ya ZRA, kenako n'kukalembetsa ku Lands and Deeds, ofesi yolembetsako umwini wa malo. Popanda satifiketiyo dzina silisintha, zivute zitani. Mwini wakale akamwalira, ana ake amabwera ndi taitolo, wogula n'kutsala ndi kapepala kong'ambika. Banki nayo silandira kalata ya pamanja ngati chikole. Chipata inakhala mzinda mu 2017, koma nyumba zikugulitsidwabe ngati mbuzi pamsika, ndipo boma lomwe likufuna 8 peresenti silipeza ngakhale ngwee imodzi pa malonda otere.

Pempho langa ndi ili. Nyumba ya Malamulo iike malire, tinene K300,000 yoyamba pa nyumba yokhalamo isakhomedwe msonkho, 8 peresenti igwire ndalama yopyola pamenepo yokha. Pa nyumba ya ku Kapata msonkho ukanakhala K4,000. Asachite zoti ukadutsa malire ndi kwacha imodzi ulipire pa mtengo wonse, chifukwa zikatero nyumba iliyonse mu Chipata idzalembedwa K299,000. Ndipo ogula, musapereke ndalama iliyonse loya asanalembe mu kontrakiti kuti msonkho ndi wa wogulitsa, ndiponso kuti K28,000 yoteroyo isungidwe kwa loyayo mpaka satifiketi ituluke.

Wokhudzidwa,
Kalongwezi, Chipata