Tisamanamizire simenti konkire ya pakhomo ikang'ambika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ikudya ndalama za anthu m'matauni muno. Ine ndine mmisiri womanga, ndakalambira pa ntchitoyi, ndipo masiku ano ndimaitanidwa kawirikawiri kukaona konkire ya pabwalo, ya pakhonde kapena ya polowera galimoto imene yang'ambika chaka chisanathe. Mwini nyumba mawu ake amakhala amodzi: "Bambo, simenti wa masiku ano ngwachabe." Koma ndikawerama n'kukanda ndi msomali, mchenga n'kumayoyoka, ndimadziwa kuti simentiyo akungomunamizira. Amene amapha konkire yambiri ndi madzi: amachuluka posakaniza, amasowa ntchito ikatha.

Anyamata aganyu amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imapepuka pa fosholo ndipo imayenda yokha ikakhuthulidwa pa wilibala. Sindiwada, ntchitoyi njowawa msana. Koma madzi opyola muyezo aja akauma amasiya timibowo tosaoneka mkati monse, ndiye pamwamba pamayamba kufumbuka. Konkire yabwino izikhala ngati nsima imene ikuvundulidwa, osati phala la mwana. Thumba la makilogalamu 50 limafuna madzi pafupifupi malita 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa kale muchepetseko. Poyeza gwiritsani ndowa imodzi yomweyo: ya simenti imodzi, za mchenga ziwiri, za miyala ya kwale zitatu. Kuwerenga mafosholo n'kudzinamiza, chifukwa fosholo ya mmawa ndi ya madzulo munthu atatopa sizifanana.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi tsiku lotsatira. Mmisiri walandira zake wapita, bwana ali kuntchito, konkire ikupsa ndi dzuwa la Okutobala popanda woithirira. Anthu ambiri amaganiza kuti ikauma msanga ndiye kuti yalimba msanga. Ayi ndithu. Simenti amalimba pang'onopang'ono pamene ali ndi chinyontho, ndipo chinyonthocho chikatha msanga kulimbako kumalekera panjira. Masiku 7 oyamba pasaume ngakhale pang'ono. Yalanipo masaka kapena mchenga n'kumanyowetsa mmawa, masana ndi madzulo, kapena phimbani ndi pepala la pulasitiki n'kutsamiza njerwa m'mbali. Mphamvu yake yeniyeni imakwana pa masiku 28. Galimoto yaing'ono idikire sabata yathunthu, ndipo lole yodzatula mchenga kapena njerwa isakwerepo n'komwe. Popeza mipopi kwathu kuno imatha kuuma osatsanzika, ine sindiyamba ntchito ndisanaone migolo yodzaza madzi pakhomopo. Ena amandiona ngati wovuta, koma ndalama ndi zawo zomwe ndikuteteza.

Nanga pansi pake? Konkire ikathiridwa pamwamba pa udzu, mizu, zinyalala kapena pomwe panali chulu, imatsala m'malere dothi likatitimira. Pa dothi la makande ndiye samalani koposa, chifukwa limafufuma m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe. Chotsani dothi lapamwamba lonse, thirani gelevulo, nyowetsani pang'ono, sinjani mpaka chidendene chisamalowe. Podutsa galimoto konkire isachepere masentimita 10. Malo a mamita 5 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali amadya matumba pafupifupi 35. Mmisiri akakuuzani kuti atha ndi 15, sakukuchitirani chifundo, akukugulitsani ming'alu. Komanso konkire pouma imakhwinyata, choncho muziidula mizere yakuya ndithu pa mamita atatu aliwonse kuti ikafuna kung'ambika itsate mzerewo.

Za mchenga ndingonena mwachidule. Tengani botolo loonekera mkati, ikanimo mchenga ndi madzi, khutchumulani, lisiyeni usiku. Mukapeza matope ochindikala atakhala pamwamba pa mchengawo, ubwezeni. Thumba la simenti lokhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala musalilandire, kaya dzina lake ndi lotchuka bwanji.

Tsopano pali madzi ena amene sitiwaganizira, a mvula. Kwabwera chizolowezi chowaka bwalo lonse, kuchokera pageti mpaka kuseri kwa nyumba, osasiya pomera ngakhale chitedze. Akuti kuthawa matope ndi kusesa. Ndikumvetsa, amayi atopa ndi kukolopa matope m'nyumba. Koma mvula imene inkalowa m'nthaka ipita kuti? Imasonkhana ndi ya padenga, n'kutulukira pa kabowo ka kunsi kwa mpanda, molunjika pakhoma la mnansi wakumunsi. Ife a ku Blantyre timakhala m'mapiri, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Soche, ndipo wapamwamba akalakwitsa amalira ndi wapansi. Amene tinaona mphamvu ya madzi otsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sitiyenera kuchita chibwana ndi njira ya madzi, ngakhale pa bwalo laling'ono. Ndaonapo mabanja amene ankapatsana moto atasiya kulonjerana chifukwa cha kabowo kamodzi ka pampanda.

Konkire izipendekera kutali ndi nyumba, masentimita awiri pa mita iliyonse, ndipo madziwo akathere m'ngalande yovomerezeka kapena m'dzenje lodzaza miyala pakhomo panu pomwepo. Sikuti bwalo lonse lifunika konkire. Mizere iwiri yopondapo matayala, pakati n'kudzala kapinga, imakwanira bwino ndipo matumba a simenti amachepa kwambiri. Timabuloko toyala pamchenga natonso ndi tabwino: paipi ikaphulika pansi mumangozula, n'kukonza, n'kubwezeretsa, osaswa chilichonse.

Pempho langa likupita ku makhonsolo a mizinda ndi ku bungwe la TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja. Makhonsolo poona mapulani a nyumba azifunsanso kuti madzi a pabwalo adzalowera kuti. A TEVETA atiganizire ife amisiri a m'makwalala, amene ambiri tinaphunzira ntchito pogwirira ena fosholo, ndi maphunziro aafupi a m'Chichewa ochitikira m'madera mwathu momwemuno, makamaka miyezi ya Meyi ndi Juni ntchito zomanga zisanachuluke.

Mmisiri wodandaula,
Machinjiri, Blantyre