Mabwinja, madipi akale ndi maenje: tiyambe powalemba

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata. Ndikulemba kuchokera ku Ulongue kuno ku Angónia, ndipo nkhani imene yandikhala pamtima ndi ya malo osiyidwa amene ali mbwee m'chigawo chathu cha Tete: makantina akale a Apwitikizi, nyumba zosungiramo katundu za m'minda ya boma, madipi a ng'ombe, maenje a njerwa ndi a golide. Kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Furancungo malo amenewa alipo, aliyense amawadziwa koma palibe amene amati ndi anga, ndiye amangokhala choncho chaka ndi chaka, kwinaku amayi akugulitsa mbatatesi ndi kabichi padzuwa m'mbali mwa msewu ndipo mvula ikabwera ndiye chipwirikiti.

Achinyamata mwina sadziwa kuti mabwinjawa anabwera bwanji. Apwitikizi ambiri anachoka mu 1975 n'kusiya masitolo ndi minda yawo. Mu 1976 boma la a Samora Machel linatenga nyumba za lendi ndi zosiyidwa, zambiri n'kukhala m'manja mwa APIE, bungwe loyang'anira nyumba za boma, ndipo kuno kwathu minda ikuluikulu inalowa mu CAIA, kampani ya boma ya zaulimi imene achikulire amaikumbukirabe chifukwa cha mathirakitala ake. Kenako nkhondo. Anthu anathawira ku Dedza, ku Ntcheu, ena ku Mwanza, ndipo atabwerako mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anapeza malata anazulidwa kalekale, zitseko kulibe, kwangotsala makoma. Munthu wobwera kothawa nkhondo amayamba wamanga khumbi lake ndi kulima, za makoma a boma analibe nazo nthawi, ndipo palibe angamudzudzule. Koma papita zaka zoposa 30 tsopano abale, ndipo makoma ena akadali olimba ndithu, anamangidwa ndi simenti yeniyeni.

Chimene chimandipatsa mtima ndi choti ntchito yofufuza, kulemba ndi kuyeretsa malo oopsa tinaigwirapo kale ndipo inatheka. Nkhondo itatha nthaka yathu inali yodzaza ndi mabomba okwirira, ena anatcheredwa kale ndi Apwitikizi kuzungulira damu la Cahora Bassa. Mabungwe ngati HALO Trust ndi APOPO, aja a makoswe onunkhiza mabomba, sanayambe ndi kukumba ayi. Anayamba ndi kufunsa anthu, mafumu, abusa a ng'ombe, asilikali akale, kuti paja ng'ombe inaphulikira pati, njira imene anthu anasiya kudutsa ndi iti. Amalemba, amaika zizindikiro zofiira, amachotsa, kenako amabweza malowo kwa eni mudzi kuti alime. Mu Seputembala 2015 dziko lathu linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa. Ndiye ngati tinakwanitsa pa chinthu chopha nthawi yomweyo, chingatikanike n'chiyani pa dipi yakale ndi nyumba yopanda denga?

Vuto lake ndi loti poizoni wa m'malo awa sapha lero, n'chifukwa chake timamupeputsa. Ndiyambe ndi madipi, poti kuno ku Angónia ng'ombe ndiye chuma chathu. Madipi ambiri akale kuno kum'mwera kwa Africa ankagwiritsa ntchito mankhwala a arsenic pophera nkhupakupa, kenako kunabwera ena a mtundu wa DDT. Arsenic saola, sauluka, amakhala m'dothi zaka makumimakumi, makamaka pamene ng'ombe zinkaima zikatuluka m'madzi ndi pamene ankatayira madzi akuda potsuka dipi. Lero munthu amaona kamalo kachonde, pafupi ndi madzi, manyowa akale ambirimbiri, n'kutsegulapo dimba la lepu ndi tomato kapena kukumba chitsime. Maso sangaone kanthu, mphuno singamve kanthu. Pokhapokha dothi ndi madziwo atayezedwa.

Chimodzimodzi nyumba zakale zosungiramo feteleza ndi mankhwala a mbewu. Migolo ikachita dzimbiri mankhwala amalowa mu simenti ndi pansi pake, ndipo chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi chizolowezi chathu chotola mgolo kapena chigubu, kutsuka kawiri ndi phulusa basi n'kuyamba kutungira madzi kapena kufululira mowa. Mankhwala otha ntchito sakwiriridwa ndipo saotchedwa pamoto wamba, utsi wake ndi woopsa kuposa. Boma mothandizana ndi FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, linasonkhanitsapo mankhwala oterewa m'zigawo zosiyanasiyana n'kuwatumiza kunja kukaotchedwa m'ng'anjo zapadera, ndiye njira ilipo, kungoti dothi limene linamwa mankhwalawo limatsala pompo. Palinso malata aja a lusalite amene ali pa nyumba zambiri za nthawi ya atsamunda. Muli asbestos, tiulusi ta mwala toopsa ku mapapo, amene dziko lathu linaletsa mu 2010. Akakhala athunthu padenga vuto si lalikulu, koma akasweka, ana n'kumaseweretsa zidutswa, kapena mmisiri n'kumadula ndi sowo fumbi lili koboo, fumbi limenelo likalowa m'mapapo matenda amadzaoneka patapita zaka 20 kapena 30. Wochotsa ayenera kunyowetsa, osaswa, kuvala chotseka pakamwa ndi mphuno chenicheni, n'kukakwirira malo osankhidwa.

Za maenje ndingonena mwachidule poti aliyense amaziona. Maenje a njerwa m'mphepete mwa mabairo amadzaza madzi m'dzinja, udzudzu umaswana, ana amasamba mommo. Ku Macanga ndi ku Chifunde okumba golide amasiya zitsime zakuya zosakwirira, ndipo pamene amagwira golide ndi mercury, zotsalira zake zimatsikira kumtsinje n'kulowa mu nsomba.

Ena anena kuti malowa ali ndi eni ake, musawakhudze. Chabwino, tiyeni tione lamulo. Lamulo la nthaka la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangopatsidwa ufulu woigwiritsa ntchito, DUAT ija. Wopempha malo a bizinesi amayamba wapatsidwa chilolezo chongoyembekezera, zaka 5 kwa nzika ndi zaka 2 kwa wakunja, ndipo akalephera kuchita zimene analonjeza popanda chifukwa chomveka boma lingathe kumulanda. Ndiye munthu amene anazika mizati inayi ndi kachikwangwani zaka zambiri zapitazo n'kupita kukakhala ku Maputo kapena ku Beira sangatseke malo apakati pa tauni mpaka kalekale. Si kuti ndikufuna kuti anthu alandidwe mwachipongwe ayi, mwini ngati alipo aitanidwe, apatsidwe nthawi, akonze kapena abwereketse. Koma kungokhala chete poopa kuti mwina mwini wake ndi wamkulu, pamenepo ndiye tikudzilakwira tokha.

Ku Moatize nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kuno. Malasha akhala akukumbidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, kenako kampani ya boma ya Carbomoc ndi migodi yake ya pansi ku Chipanga. Kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kutulutsa malasha mu 2011 mabanja atasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, mu 2022 mgodiwo unapita ku kampani ya Vulcan. Wa ku Benga unali wa kampani ya Rio Tinto, mu 2014 unagulitsidwa ku kampani ya ku India ya ICVL. Migodi imasintha eni koma dzenje silisuntha, ndipo malasha adzatha kapena msika wake udzagwa. Miyala yotayidwa ya malasha ikakhala ndi sulfure, ikakumana ndi mvula ndi mpweya imatulutsa madzi a asidi, ndipo mtsinje wa Revúbuè uli pompo, ukuthira mu Zambezi. Malamulo a migodi amafuna kuti kampani ikhale ndi pulani yotsekera mgodi ndi kukonzanso malo. Pempho langa ndi loti mapulani amenewa awerengedwe poyera kwa anthu a ku Moatize, m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, kampani ikadalipo ndipo ikupangabe ndalama, anthu anene okha ngati malowo adzakhale a mitengo, a msipu kapena damu. Kudikira tsiku lotseka geti n'kuchedwa.

Ndiye tiyambire pati? Ine ndikuti pa kaundula, basi. Sizifuna ndalama zambiri. Mfumu iliyonse ndi sekeletaliyo wa bairo akhale pansi ndi achikulire amene anagwirapo ntchito m'malowa, poti iwowa ndiye akudziwa kuti migolo inkaunjikidwa pakona iti, dizilo inkathiridwa pati, ndipo akutha mmodzimmodzi, akapita apita nazo. Achinyamata ali ndi mafoni, ajambule, alembe pamene malowo ali, chimene chinalipo kale, amene amati ndi mwini. Kuno ku Ulongue tili ndi sukulu ya zaulimi ya UniZambeze, ku Tete kuli sukulu ya ukachenjede ya ISPT kumene amaphunzitsa za migodi, ophunzira amasowa mitu yolemba pomaliza maphunziro, bwanji osawatuma kukatenga dothi ndi madzi m'malo amenewa? Kumadera a migodi kuli ndalama ija ya 2.75% ya msonkho imene imayenera kubwerera kwa anthu, kagawo kochepa kangalipire zoyezazo.

Zotsatira zikabwera ndiye malo agawidwe malinga ndi mmene alili. Nyumba imene yapezeka yabwinobwino ifoleredwe, ikhale mosungira mbatatesi ndi nyemba za alimi kuti asamagulitse motaya nthawi yokolola, kapena malo ophunzirira ukalipentala ndi kuotcherera, kapena chigayo cha gulu la amayi. Pamene pali poizoni pang'ono pasalimidwe chakudya ndipo pasakumbidwe chitsime, koma pakathiridwa dothi lina ndi simenti pamwamba pangakhale siteji ya magalimoto kapena posungira matabwa. Pamene pali poipa kwambiri patchingidwe, paikidwe chikwangwani m'chilankhulo chimene anthu amamva, osati Chipwitikizi chokha, mpaka akatswiri adzachotse dothilo.

Chimodzi chokha ndikuopa, ndipo ndichinene mosabisa. Kaundula ameneyu akangokhala mu kabati ya ofesi, adzasanduka mndandanda wa malo oti anthu a ndalama agawane mwakachetechete, ife n'kudzangoona mpanda wa njerwa wadzuka. N'chifukwa chake amatidwe pakhoma la munisipiyo ndi ku boma la disitirito, awerengedwe pa wailesi za m'madera, ndipo malo aliwonse asanaperekedwe anthu a pamalopo afunsidwe monga lamulo linenera. Inunso a Mkonzi tithandizeni, tumizani mtolankhani adzazungulire Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize mvula isanayambe, ajambule malowa, afunse a munisipiyo ndi a zachilengedwe kuti angati akuwadziwa ndipo angati anayezedwapo, mayankho awo muwasindikize.

Ndine wowerenga wanu,
ku Ulongue, Angónia