Kwa Naphiri, za akaputeni okalamba ndi mpando wakumanzere

Naphiri mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino. Amayi ako mwendo uja wayamba kuwalola kufika kudimba, ndipo akuti upereke moni kwa bambo a ana ndi adzukulu awo onse.

Uthenga wako wamawu ndaumvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndaona kuti yankho lake silingakwane pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Wati nkhani yokweza zaka zopumira pantchito kwa oyendetsa ndege, kuchoka pa 65 kufika pa 67, yabukanso kumeneko ku America, ndipo ukufuna kukayankhulapo pamsonkhano wa bungwe lanu la apantchito. Kuyankhula kayankhule, pakamwa mpako. Chimene chandisowetsa mtendere ndi mawu unatsirizira aja, akuti tsabola wakale sawawa, madala achoke, mpando wakumanzere, umene amakhalapo kaputeni mundege, tikhalepo ife oyendetsa ndege achinyamata. Amenewo usakawatulutse pagulu, ndipo ndikanakonda utawachotsa ndi mumtima momwe.

Usaganize kuti ndikuikira kumbuyo nkhalamba zinzanga. Inenso ndikuona kuti malire a zaka 65 akhale kaye momwemo. Pamenepo tili limodzi. Tasiyana njira yofikira pamenepo, ndipo yakoyo ndi yoterera.

Malire amenewa anawaika ndi anthu, ndipo akhala akusuntha. Lamulo loti woyendetsa ndege zonyamula anthu atsike akakwanitsa zaka 60 linakhazikitsidwa ku America mu 1959 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1960, ndege za jeti zikungofika kumene, bungwe la boma loyang'anira za ndege la FAA lili m'manja mwa mkulu wake woyamba, Elwood Quesada. Kuyambira pamenepo anthu akhala akukangana ngati 60 ameneyu anachokera kwa madokotala kapena kwa eni makampani amene sankafuna kutaya ndalama pophunzitsa akuluakulu ndege zatsopano. Bungwe la oyendetsa ndege la ALPA poyamba linalimbana nalo lamuloli. Patapita zaka linayamba kuliteteza, mu 2007 linavomera 65, ndipo lero likukana 67. Sindikulinyoza ayi, mabungwe otere ndi amene amakutetezani. Ndikungofuna uone kuti pa nkhani iyi munthu amakonda kuima molingana ndi pamene ali pamndandanda.

Chimene chikukuopsani achinyamatanu ndi cha 2007, ndipo mantha anu si abodza. Bungwe la ICAO, lomwe limaika malamulo a maulendo apandege a pakati pa mayiko, linakweza malire kufika pa 65 mu Novembala 2006. America inatsatira mu Disembala 2007, Pulezidenti George W. Bush atasainira lamulo. Kwa zaka zisanu zotsatira, msinkhu sunatulutse kaputeni aliyense. Ntchito yanu imayenda ngati mzere wa kuchigayo, wakutsogolo akapanda kusenza thumba lake n'kuchoka, wakumbuyo sasuntha ngakhale phazi. Chuma cha dziko chitagwanso mu 2008, anthu anamerera imvi pampando wakumanja wa wachiwiri kwa kaputeni, ena n'kuuzidwa kuti akayembekezere kunyumba.

Koma wafunsapo kuti akuluakulu a nthawi imeneyo ankakakamiriranji? Zigawenga zitaukira America pa 11 Seputembala 2001, makampani akuluakulu a ndege monga United, US Airways, Delta ndi Northwest anamira m'ngongole mpaka kukapempha chitetezo kukhoti. Ku United, US Airways ndi Delta, thumba la penshoni ya oyendetsa ndege linathetsedwa. Munthu amene watsala zaka ziwiri kuti apume, ana ali kukoleji, nyumba sanamalize kulipira, anangomva kuti penshoni imene ankawerengera yadulidwa kwambiri. Kwa iyeyo zaka zisanu zija sizinali dyera, chinali chakudya cha ukalamba wake. Lero naponso pali kadzenje: wobadwa mu 1960 kapena pambuyo pake amalandira penshoni ya boma ya Social Security yathunthu akafika 67, pomwe lamulo lamutsitsa kale mundege pa 65.

Ndiye ukakaima n'kunena kuti achoke poti mpando ndikuufuna, wina wa imvi adzaima n'kunena kuti sindichoka poti malipiro ndikuwafuna. Nonse mudzakhala mukunena za mimba zanu, ndipo anthu amene amanga malamba kuseri kwa chitseko chanu palibe adzawatchule. Komanso tsiku lina udzakwanitsa zaka 64, mutu ukugwira, maso akuona, ndipo kamtsikana kena kadzakubwezera mawu akowo.

Zifukwa zolimba zilipo, kagwire zimenezo. Mu Julayi 2023 nyumba yaing'ono ya malamulo kumeneko inavomereza 67, koma mu Febuluwale 2024 komiti ya ku Seneti inakana ndi mavoti 14 kwa 13, ndipo lamulo la FAA limene linasainidwa mu Meyi 2024 linasiya 65 pamalo pake. Mu 2025 bungwe la makampani a ndege la IATA linakapempha 67 pamsonkhano waukulu wa ICAO ku Montreal, mayiko sanavomere. Ndiye kuti America itakweza payokha, kaputeni wa zaka 66 sangaloledwe kuuluka kupita ku London kapena ku Tokyo. Chikhalirecho akuluakuluwa ndi amene ali pa Boeing 777 ndi 787, ndege za maulendo ataliatali omwewo. Ayenera kutsikira ku ndege zazing'ono za m'dziko momwemo, kulowanso mu simulator, makina oyeserera kuulutsa ndege uli pansi, kukaphunzira ndege ina, n'kukankha amene anali pamenepo kuti nawonso akakankhe ena. Kusowa kwa oyendetsa ndege kumene ofuna 67 amapereka ngati chifukwa, komwe kunakula makampani atapumitsa anthu ambirimbiri nthawi isanakwane mu 2020 chifukwa cha Covid-19, sikungathe ndi chipwirikiti chotere. Amene akufuna 67 adzakuponyera Japan, imene inakweza kufika pa 67 mu 2015, ndi Canada, Australia ndi New Zealand, kumene kulibe malire a msinkhu pa maulendo a m'dziko. Usakatsutse, n'zoona zimenezo. Ungowakumbutsa kuti chololedwa m'dziko mwako sichikutsegulira mlengalenga mwa eni ake.

Chifukwa chimene chili pamtima panga ine n'china. Anthu ambiri akamva za kaputeni wokalamba amaganiza za mtima kuima mwadzidzidzi. Zimachitikadi. Mu Juni 2009 kaputeni wa zaka 60 wa ndege ya Continental anamwalira ali m'mwamba pakati pa Brussels ndi Newark. Mu Okutobala 2024 wina wa zaka 59 wa Turkish Airlines anamwalira atanyamuka ku Seattle kupita ku Istanbul, ndege n'kukatera ku New York. Maulendo onse awiri anzawo anatsitsa ndege bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake mumakhala awiri kapena atatu kutsogoloko. Onsewa anali asanafike n'komwe pa 65. Zimenezo sizindiopsa kwambiri, chifukwa wakugwa amaoneka kuti wagwa.

Chondiopsa ndi chija chimabwera mwakachetechete. Zaka zimene ndinakhala m'nsanja yolondolera ndege pabwalo la Chileka, oyendetsa ndege ambiri sindinkawadziwa nkhope, ndinkawadziwa mawu pa wayilesi. Panali bambo wina wachikulire amene ndinkamulemekeza kwambiri. M'zaka zake zomalizira ndinayamba kumva kanthu kena. Ndikamupatsa msinkhu wa mlengalenga woti atsikire, mphepo ndi msewu woterapo, ankakhala chete kanthawi asanabwereze, ndipo nthawi zina nambala imodzi inkasowa, makamaka madzulo atauluka tsiku lonse. Ndinkangobwereza, iye n'kukonza, ndege n'kutera bwino. Palibe lamulo limene anaphwanya. Dokotala amene amayeza oyendetsa ndege achikulire miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amaona maso, makutu, BP, shuga ndi kugunda kwa mtima. Kachete kaja sakamva. Mu simulator namo munthu amalowa atagona mokwanira, akudziwa kuti lero ndi mayeso. Pakadakhala njira yachilungamo yoyezera changu cha ubongo wa munthu aliyense payekha, wa zaka 45 ndi wa 66 yemwe, bwenzi ndikunena kuti tsiku lobadwa lisamaweruze munthu. Pomwe njirayo sinakhazikike m'malamulo, malire a zaka, ngakhale amapweteka ena osalakwa, ndi amene tili nawo. Anzanga a m'nsanja kumeneko ku America amawapumitsa pa 56, ndipo chifukwa chake n'chomwechi.

Komatu wayilesi yomweyo inandiphunzitsanso chimene imvi zimanyamula. Mvula ya mu Januwale ikatseka phiri la Michiru, ziphaliwali zili ng'aning'ani, wachinyamata ankayankha mwachangu, mawu ali m'mwamba, mtima wonse uli pa kutera. Wamkulu ankafunsa funso limodzi lokha, kuti mphepo ikuchokera kuti tsopano. Ndikamuuza, ankayankha mofatsa ngati akupempha madzi akumwa, kuti tikadikira ku Lilongwe. Apaulendo ankanyinyirika, kampani inkataya mafuta, koma iye analibenso woti amuonetse kuti ndi katswiri. Galu wamkota sakandira pachabe. Chesley Sullenberger anali ndi zaka 57 pamene atsekwe anazimitsa mainjini onse awiri pa 15 Januwale 2009, iye n'kutsitsira ndege mu mtsinje wa Hudson, anthu onse 155 n'kupulumuka. Al Haynes naye anali ndi zaka 57 mu Julayi 1989 pamene injini yakumchira ya ndege ya DC-10 inaphulika n'kudula mapaipi onse a hayidiroliki. Ndege yopanda chiwongolero anaifikitsa ku Sioux City, ndipo mwa anthu 296, okwana 184 anakhala ndi moyo.

Nkhani ya Haynes uiwerenge bwino, chifukwa muli gawo lako. Sanaipulumutse yekha ndegeyo. Anamvera wachiwiri wake, anamvera injiniya, ndipo analola kaputeni wina amene anakwera ngati wapaulendo kuti alowe adzagwire zoongolera mphamvu ya mainjini. Moyo wake wonse ankanena kuti chinawathandiza ndi kumverana. Uyerekeze ndi za ku Tenerife pa 27 Malichi 1977. Kaputeni wa KLM anali mkulu wa aphunzitsi a Boeing 747 pakampani pake. Mu chifunga, injiniya anafunsa ngati ndege ya Pan Am yachokadi mumsewu, kaputeni anayankha motsimikiza n'kupitiriza kuthamanga, ndege ziwirizo zinagundana, ndipo anthu 583 anafa.

Apa ndiye pamene ndikudera nkhawa kwambiri za iwe, kuposa za msonkhano uja. Ine ndi amayi ako tinakulera kuti wamkulu akamayankhula umagwada, sumuyang'ana m'maso, sumudula mawu. Pakhomo pano mwambo umenewo ukhalebe. Mu cockpit, chipinda choyendetsera ndege, uusiye pachitseko. Mwana woleredwa chonchi amatha kulalatira akulu kumbali, pagulu la anzake, koma akakhala nawo phewa ndi phewa lilime limauma. Ine ndikufuna zitembenuke. Pamsonkhano uwatchule mwaulemu. Mundege, ukaona kaputeni wa zaka 64 waiwala nambala, wapitirira msinkhu wa mlengalenga umene anapatsidwa, kapena akukakamira kutera ndege isanakhazikike, unene pomwepo, momveka, ndipo akapanda kumva ubwereze mokweza. Wamkulu weniweni adzakuthokoza mukatsika. Ndipo pamene akuchita bwino, umuonetsetse manja ake, umufunse chifukwa chimene wapemphera mafuta owonjezera pomwe pepala likuti akwana. Zimenezo m'buku mulibe, ndipo akapuma apita nazo kwawo.

Kwatsala za iwe mwini. Ine lamulo linandipumitsa ndili ndi zaka 60. M'mawa wotsatira ndinadzuka nthawi yomwe ija, ndinasamba, ndinatenga malaya amene amayi ako anasita, kenako ndinangokhala pakhonde nawo m'manja, ndege ya m'mawa ikudutsa pamwamba pa nyumba. Ndinkadziwa mawu amene akunenedwa pa wayilesi nthawi imeneyo, koma wonena sanalinso ine. Zimapweteka, mwana wanga, ndipo akaputeni amene ukuwatcha madalawo akuona m'mawa umenewo ukubwera. Chinandithandiza n'chakuti nyumba inali yathu, ngongole panalibe, ndipo dimba linali kundidikira.

Choncho yamba lero, malipiro akadali kubwera. Sunga ngati kuti udzatsika pa 60. Usaike chiyembekezo chonse pa thumba la kampani, waona zimene zinawachitikira a United ndi Delta. Ntchito yako yapachikika pa kapepala ka dokotala, ndipo kangathe kukanidwa chaka chilichonse, ngakhale uli ndi zaka 48, ndiye inshulansi ya kutaya laisensi usaione ngati kutaya ndalama. Za kuno usadzipanikize nazo mopitirira, ife sitikugona ndi njala, ndipo abale amene amakuimbira mwezi ndi mwezi uphunzire kuwauza kuti lero palibe. Ukadzapeza mpata wophunzira uphunzitsi wa mu simulator, usaukane, kumeneko lamulo la 65 silifikako. Ndikufuna ukadzafika pa msinkhu umenewo udzathe kudzifunsa moona ngati ubongo ukuthamangabe, yankho lisakuchokera ku ngongole ya nyumba.

Zimene ukakanene pamsonkhanopo uzilembe papepala, usakadalire mkwiyo kuti ukupatse mawu. Ukalemba unditumizire ndione usanapite. Amayi ako akufunsa ngati ufa ndi usipa zija zinadutsa bwino pabwalo la ndege, uwayankhe wekha, chifukwa ine andifunsa mokwanira.

Ndine bambo ako.