Chimwemwe cha m'galimoto yozizira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za zomwe zidachitika Loweruka lapitali pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno kuchigwa, pa mwambo wopereka mphoto kwa ana omwe adakhoza bwino MSCE. Amene adalipo akudziwa kale. Sukuluyo sinditchula, aphunzitsi ake alibe mlandu.

Mlendo wolemekezeka, bwana wina wa bizinesi wochokera ku Blantyre, tidauzidwa kuti afika 9 koloko. Adatulukira dzuwa lili paliwombo. Mwezi uno wa Okutobala, pomwe kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ana adakhala padzuwa maola atatu, mtengo wa nimu umodzi wokha tidasiyira agogo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye tidapirira. Kalumo kake ndi aka: akuti chimwemwe ndicho chimabala kupambana, munthu akamadzuka akumwetulira ndalama zimamulondola zokha, ndipo ife a kuchigwa chikutisaukitsa ndi kudandaula.

Tsono imvani ichi. Nthawi yonse yomwe bwanayu ankalankhula, ola lathunthu ndi theka, injini ya galimoto yake inkalira kuseri kwa hema. Sadazimitse. Ankafuna kuti akamalowamo apezemo mukuzizira. Mafuta omwe anyamata a kabaza ya njinga zamoto amagula a m'mabotolo pamtengo woboola m'thumba, iye ankaphikira mphepo. Utsi wake unkapita kwa ana a Fomu 1 omwe adakhala kumapeto. Mtsikana wina adachita chizungulire, amayi akomiti nkumamupepeza ndi chitenje, injini ili kulira. Pulogalamu idafika pa pemphero lotsekera, abusa akuti titseke maso, injini ili kulira. Mpaka lero ndikagona ndimaimva m'makutu. Ameneyo ndiye mphunzitsi wa chimwemwe: mwini wake sangathe kukhala mphindi zisanu m'kutentha komwe akuti ife tizimwetuliramo.

Bwana, ngati mukuwerenga, kumwetulira musatiphunzitse. Bwerani paukwati ku Tengani kapena ku Bangula mudzamve ulimba, mudzaone amayi akuvina utse mpaka kucha. Ngakhale m'misasa ya othawa madzi pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu ankaseka, ankaimba. Amayi opita kudambo kukazula nyika chaka cha njala amapita akucheza, ng'ona zili momwemo. Kukadakhala kuti kuseka kumaitana ndalama, bwenzi nyumba zosanja zili mbwee kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Marka.

Malemu bambo anga adali mlimi wa thonje. Ndidawaona akusangalala zenizeni, ndipo ndikudziwa chomwe chinkawasangalatsa: mapira ali m'nkhokwe, mbuzi zili m'khola, fizi yathu atalipira. Chaka chomwe thonje lagulidwa motchipa ankakhala chete pakhonde, ndipo palibe ulaliki womwe ukadawasekesa. Sadakhalepo ndi galimoto, koma sindidzavomera kuti adalephera moyo. Pomwe bwana wathu wopambanayu, atangotsika pansanja, adakalipira dalaivala wake pamaso pa ana chifukwa madzi akumwa adali atafunda. Munthu wachimwemwe ameneyo? Nkhope ili gwaa ngati wamwa mankhwala a malungo.

Ngakhale Baibulo, pa Yakobo 2, limadzudzula munthu wouza wanjala ndi wausiwa kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 30, amati tili ndi ufulu wa chitukuko, sadalembemo kuti tili ndi udindo womwetulira. Lipoti lija la chimwemwe cha maiko limene limatuluka chaka ndi chaka, Finland imakhala pamwamba kuyambira 2018, Malawi kumunsi kwenikweni. Kodi anthu a ku Finland amaseka kuposa Asena ndi Amang'anja? Iwo akadwala amapeza mankhwala, mwana akapita kusukulu amadya komweko, basi.

Ndipo zotiuza kuti tisangalale kaye zinazo zibwera sizidayambe lero. Mu 2010 tidavina potsegulira doko la Nsanje, tidasangalala mpaka mawu kutha. Sitima zake zili kuti? Anzathu a kutsidya kwa Shire, a ku Muona ndi Makhanga, mvula ikangoyamba amakhala ngati ali dziko lina, msewu wochokera pa Thabwa udakalamba uli m'malonjezo. Madzi adatikokolola mu 2015, adabweranso mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022, Freddy chaka chotsatira, kenako kwacha nkugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 yemweyo. Munthu wamanga nyumba kanayi pazaka zosakwana khumi, wina nkumuuza kuti vuto lake ndi nkhope yokwinya!

Chomwe chandiwawa kwambiri nchakuti mwana wanga wamkazi, yemwe adalandira mphoto ya masamu tsikulo, adandifunsa madzulo ngati ndife osauka chifukwa ine ndimakonda kudandaula. Ndidasowa choyankha. Mwana amawerengera tochi, wakhoza, mmalo moti anyadire akuyamba kukayikira atate ake.

Ndikupempha akuluakulu a maphunziro m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi mafumu athu, kuti aziona kaye anthu oitanidwa kudzalankhula ndi ana. Chaka chamawa itanani namwino kapena mlangizi wa zaulimi yemwe adaphunzira pasukulu pomwepo, miyambo iziyamba 7 koloko kusadatenthe, ndipo aliyense wobwera pagalimoto azisiya makiyi kwa a hedi.

Kholo lokhumudwa,
Chikwawa